MANTHA A OPALESHONI NAWO AMAONEKA PA MAKINA

Kale ife a m'makomboni a Lusaka tikamva za opaleshoni tinkadziwa kuti ulendo ndi wa ku UTH. Lero chipatala cha Matero, chomwe chidakulitsidwa ndi thandizo la dziko la Japan mu 2016, ndiponso za Kanyama ndi Chawama zomwe zidatsatira pambuyo pake, zili ndi zipinda zakezake za opaleshoni. Mtunda udafupika, koma mantha adakali pomwepo.

Manthawo sakhala m'maganizo mokha. Munthu akaopa, thupi limatulutsa adrenaline, ndipo mtima, umene pa munthu wamkulu wopumula umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, umayamba kuthamanga. Mitsempha imafinyika, magazi amathamanga mopitirira, mpweya umakhala wabefu. Wodwala angathe kumwetulira ndi kunena kuti "ndili bwino", koma makina a dokotala wogonetsa amaulula zonse. Wodwala wotere kawirikawiri amafuna mankhwala ogonetsa ochulukirapo, ndipo kuthamanga kwa magazi kukapitirira 180 pa 110, madokotala angathe kuimitsa opaleshoni yosafulumira mpaka tsiku lina. Kwa banja la ku George kapena ku Mtendere limene lidakongola ndalama za basi, kubwezedwa kotere si nkhani yochepa.

Mu 1964 Dr. Lawrence Egbert ndi anzake ku Boston adaonetsa chinthu chodabwitsa. Odwala amene adawafotokozera bwino za ululu umene adzamve ndi momwe angaupeputsire adafuna pafupifupi theka lokha la mankhwala a morphine poyerekeza ndi anzawo, ndipo adatuluka m'chipatala msanga. Choncho kufunsa dokotala si chipongwe ayi. Tifunse: kodi ndigona tulo kapena mundibaya jakisoni wa pamsana? Ndidzuka nthawi yanji? Amayi ambiri obereka mwa opaleshoni amakhala maso mpaka kumva kulira kwa khanda, koma ena amazindikira zimenezi ali kale pa tebulo.

Nafe abale tili ndi mlandu. Timadzaza wodi nthawi ya masana n'kuyamba kusimba za uje amene "sadadzuke". Enanso timaopa kuitana wansembe poganiza kuti mafuta oyera ndi chiphaso cha kumanda. Chikhalirecho Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 1515, amaphunzitsa kuti n'koyenera kulandira Sakramenti la Kudzoza Odwala munthu asanalowe opaleshoni yaikulu. A mphakati akonze zimenezi masiku akadalipo, osati m'mawa wa tsikulo anamwino ali pa liwiro.

Ndipo ngati wodwala wathu wamwa mankhwala azitsamba, kapena walawa phala pamene adamuuza kusala chakudya maola 6, tiwauze anamwino mosabisa asanamukankhire kuchipinda cha opaleshoni.