Frontera, kompyuta yogwira ntchito ngati dima

Pa yunivesite ya Texas, mumzinda wa Austin ku America, pali malo otchedwa Texas Advanced Computing Center, mwachidule TACC, amene anakhazikitsidwa mu 2001. Kumeneku n'kumene kuli Frontera, kompyuta imene inayamba ntchito mu 2019 bungwe la National Science Foundation litapereka madola 60 miliyoni. Mu Juni chaka chimenecho inali yachisanu pa makompyuta othamanga kwambiri padziko lonse.

Wolowa m'chipinda chake sapezamo chimakina chimodzi. Muli mizeremizere ya makabati, ndipo m'makabatimo mwasanjidwa makompyuta oposa 8,000 olumikizidwa ndi zingwe, iliyonse yokhala ndi tizigawo 56 towerengera masamu. Onsewa akagwirira pamodzi amatha masamu oposa 23,000 thiriliyoni pa sekondi imodzi.

Chinsinsi chake chagona pa kagawidwe ka ntchito. Funso lalikulu, monga la kumene namondwe alowere, limadulidwa ndime ngati munda wa dima. Kompyuta iliyonse imatenga ndime yake ya mlengalenga n'kuwerengera mphepo ndi chinyezi cha pamenepo. Koma mphepo sidziwa malire, choncho nthawi ndi nthawi iliyonse iyenera kuuza yoyandikana nayo zimene yapeza m'mphepete. Imodzi ikatsalira, zinzake zimangoidikira. N'chifukwa chake luso lolemba pulogalamu yogawa ndime mofanana ndi lofunika ngati makinawo.

Vuto lina ndi kutentha. Makompyuta ambiri a Frontera amaziziritsidwa ndi madzi oyenda m'timapaipi, pomwe ena, okhala ndi zida zotchedwa GPU, anawamiza athunthu m'mathanki a mafuta osadutsa magetsi. Wowaona koyamba angaganize kuti agweramo mwangozi, chonsecho akugwira ntchito bwinobwino.

Asayansi ambiri ogwiritsa ntchito Frontera safika n'komwe ku Austin. Amalemba pempho lofotokoza kafukufuku wawo, ndipo akavomerezedwa amapatsidwa maola. Ntchito amaitumiza pa intaneti, n'kukaima pamzere umene pulogalamu ya Slurm imayendetsa, mpaka malo atapezeka. Umu ndi mmene mu 2020 gulu la Rommie Amaro, wa ku yunivesite ya California ku San Diego, linagwiritsira ntchito Frontera poona mmene timinga ta kachilombo koyambitsa COVID-19 timagwedezekera ndi kutseguka pofuna kumatirira ku maselo a munthu.