Fayilo Yoyamba Ndi Iti?

Wofufuza amene ali ndi mafayilo 500 a zotsatira sakhala pansi n'kumatsegula imodziimodzi. Amalemba mizere yochepa m'chinenero cha kompyuta monga Python kapena R, yolamula makina kuti atenge fayilo mufoda, awerenge manambala ake, awasunge, kenako atenge ina mpaka onse atha. Akatswiri amatcha lamulo lobwerezali loop, ndipo ntchito ya sabata yathunthu limaimaliza tiyi asanazizire. Koma liwiro lomweli limaphimba funso limene ambiri sadzifunsa: kodi kompyuta ikuyamba ndi fayilo iti, nanga ndani anaiuza kuti iyambe ndi imeneyo?

Funsoli linasautsa akatswiri a sayansi ya mankhwala. Mu 2014, Patrick Willoughby, Matthew Jansma ndi Thomas Hoye anasindikiza m'magazini ya Nature Protocols mapulogalamu a Python othandiza kuzindikira mmene mamolekyu anapangidwira. Anthu anawagwiritsa ntchito zaka zisanu osadandaula. Mu 2019, Yuheng Luo, wophunzira pa yunivesite ya Hawaii, anaona kuti mafayilo omwewo akupereka mayankho osiyana pa makompyuta a Mac, Windows ndi Linux. Gwero lake linali glob, lamulo losonkhanitsa mayina a mafayilo. Pulogalamuyo inkatenga magulu awiri a mafayilo n'kumawaphatikiza awiriawiri, woyamba wa gulu ili ndi woyamba wa gulu linalo, poganiza kuti mayina abwera atandandalikidwa kale. Koma glob salonjeza zimenezo, ndipo malangizo a Python amanena poyera kuti mndandanda wake ulibe dongosolo lokhazikika. Pa makompyuta ena, manambala a fayilo ina ankakwatitsidwa ndi mnzake wolakwika. Choopsa n'chakuti pulogalamuyo sinkaima kapena kudandaula. Inkatulutsa yankho looneka bwinobwino. Pamene gulu la ku Hawaii linalengeza zimenezi m'magazini ya Organic Letters, panali nkhawa yoti mapepala a kafukufuku oposa 100 angakhale atakhudzidwa. Mankhwala ake? Kungolamula kuti mayina asanjidwe kaye loop isanayambe.

Wina anganene kuti ngati zili choncho, kuli bwino kutsegula mafayilo pamanja, poti maso amaona. Ayi ndithu. Munthu akafika pa fayilo ya 300 amakhala atatopa, amadumpha ina, ina n'kuikopera kawiri, ndipo palibe angadziwe pamene anapunthwira. Cholakwa cha loop chimasiya mapazi: chinalembedwa, chimabwera chimodzimodzi nthawi zonse pa makina omwewo, n'chifukwa chake gulu la ku Hawaii linatha kuchilondola patapita zaka. Ena amati kuika macheke otsimikizira kuti zonse zili bwino kumachedwetsa ntchito, makamaka pa kapulogalamu kongogwiritsa ntchito kamodzi. Koma kapulogalamu kotere sikafa msanga. Mnzako amakapempha, iyenso n'kupatsa wina, mpaka kamafika pa makompyuta amene mwini wake sanawaganizirepo. Ngakhale kusanja kumene kuli ndi msampha wake, chifukwa kompyuta ikamasanja mayina ngati mawu imaika fayilo10 patsogolo pa fayilo2, pokhapokha mayinawo atalembedwa 02 ndi 10. Njira yodalirika ndiyo kuphatikiza mafayilo potengera dzina kapena nambala yawo, osati malo amene agwera pamzere.

Cheke china chosavuta ndi kuwerenga zolowa ndi zotuluka. Ku England, pakati pa 25 September ndi 2 October 2020, anthu 15,841 opezeka ndi Covid-19 sanalowe m'malipoti a tsiku ndi tsiku, chifukwa mafayilo ochokera kumalabotale ankathiridwa mu Excel ya mtundu wakale wa XLS, imene imathera pa mizere 65,536. Yotsalayo inkangotayika mwakachetechete. Pulogalamu yowerenga mizere ya fayilo iliyonse, n'kuyerekeza chiwerengerocho ndi cha tebulo lomaliza, ikanaima tsiku loyamba lomwelo.