Mutu 6: Mapu a pa Kompyuta ndi Chigwa cha kwa Kachindamoto

Pa mapu ambiri a Malawi, boma lililonse limapakidwa mtundu umodzi. Dedza, komwe kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 830,000, amangofiira kapena kubiriwira yense, ndipo woona amayesa kuti moyo ndi umodzimodzi kuyambira ku Linthipe mpaka kunyanja. Koma amene anatsikapo msewu wa Khwekhwerere kuchokera pa Masasa kukafika pa Golomoti amadziwa kuti sizili choncho. Pa boma ndi pokwera pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, kozizira, kwa mbatata ya kachewere. Ku Mua ndi ku Mtakataka, m'chigwa cha kwa Kachindamoto, nthaka yangokwera pang'ono kuposa Nyanja ya Malawi, yomwe madzi ake amakhala cha pa mamita 474, ndipo nkotentha, kwa mpunga, udzudzu ndi madzi osefukira. Nambala imodzi ya boma lonse imasakaniza madera awiriwa n'kuwabisa onse. Mapu a pa kompyuta, amene munthu amatha kuwakulitsa, kuwasefa ndi kuwayendetsa m'nthawi, ndiwo angaonetse chigwachi pachokha.

Kagwiridwe kake ka ntchito nkosavuta kumva. Mjigo, sukulu kapena mlatho uliwonse uli ndi manambala awiri a GPS osonyeza pamene uli, ndipo foni yamakono imawatola pomwepo. Kompyuta imayala mapu mosanjikiza: pansi pali msewu wa M5, njanji ya pakati pa Salima ndi Balaka, ndi mitsinje monga Livulezi, Namikokwe ndi Nadzipulu, pamwamba pake pamabwera midzi, kenaka madontho a mijigo ndi zipatala. Pambali pa mapuwo pamakhala manambala ndi magirafu, ndipo zonsezi pamodzi ndiye dashboard. Mphamvu yake ili pa kusefa. Mkulu wa zamadzi akasankha mijigo yowonongeka yokha ya kwa Kachindamoto, madontho ena onse amazimirira, manambala a pambali nawonso n'kusintha. Funso loti ndi midzi iti imene ikutunga madzi mumtsinje, lomwe likanafuna kufufuza m'mafayilo ambiri, limayankhika nthawi yomweyo.

Chinanso chimene mapu a papepala sangathe ndi kuonetsa nthawi. Mavuto a m'chigwa amayenda. Mvula ikagwa kumapiri, madzi amatsika mothamanga ndipo amatha kusefukira kumunsi ngakhale kumeneko kusanagwe dontho. Nyanja nayo imakwera ndi kutsika, monga inakwerera kwambiri mu 2024 n'kulowa m'nyumba ndi m'minda ya m'mphepete mwake. Kolera amene anabuka m'dziko muno mu Marichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 sanafike paliponse tsiku limodzi. Mapu amene amasintha sabata ndi sabata amaonetsa kumene matenda ayambira ndi kumene akulowera, kotero klorini ndi katemera zingathe kutsogola m'malo motsatira maliro. Dokotala John Snow anachita zonga zomwezi ku London mu 1854, pamene analemba pa mapu nyumba za omwalira n'kuona kuti zazungulira mpope umodzi wa pa Broad Street. Lero zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2, zomwe zimabwera masiku asanu alionse ndipo nzaulere, zingaonetsenso zigawo za sikimu ya mpunga ya Bwanje Valley, ya mahekitala 800, zimene zikuchedwa kubiriwira chifukwa madzi a Namikokwe sakufikako. Zida zake zilipo kale: Unduna wa Zaumoyo umasunga malipoti a zipatala mu DHIS2, mapu a boma amapezeka pa MASDAP, ndipo mijigo yambiri ya m'dziko muno inalembedwa pa mWater.

Wina anganene kuti zonsezi nzachabe, poti mayi wa ku Golomoti akudziwa kale mjigo umene unafa ndi dambo limene limadzaza msanga. Nzoona, ndipo palibe kompyuta ingamupose pa zimenezi. Koma ndalama sizigawidwa pa mjigo. Zimagawidwa ku khonsolo ndi ku Capital Hill, kumene mawu ake safika. Mapu abwino amanyamula zimene anthu a m'mudzi akudziwa n'kuziika pamaso pa wogawa bajeti m'njira yovuta kuikana.

Chotsutsa cholemera kwambiri nchakuti mapu okongola amatha kunamiza. Chipatala cha mishoni cha Mua chimalandira odwala ochokera kutali; ngati wodwala aliyense alembedwa pa chipatalapo osati kumudzi kwawo, Mua adzafiira pamene gwero la matenda lili kwina. Mudzi umene ukuoneka wopanda vuto mwina ndi umene wolemba sanafikeko chifukwa mlatho unakokoloka. Kuonetsa chiwerengero cha odwala osachiyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu kumachititsanso kuti malo a msika azioneka oopsa nthawi zonse. Izi sizikutanthauza kuti mapu atayidwe, koma kuti apangidwe moona mtima: aonetse tsiku limene nambala iliyonse inatoledwa, asiyanitse malo opanda odwala ndi malo opanda lipoti, ndipo asaloze nyumba ya wodwala, chifukwa dontho limodzi lingaulule chinsinsi cha banja. Koposa zonse, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, amene amatola manambalawa akuyenda pansi kapena panjinga, apatsidwe mafoni, ma bando ndi nthawi yokwanira.

Patsala nkhani ya magetsi ndi intaneti, zomwe m'midzi yambiri nzosowa. Koma si onse ayenera kukhala ndi kompyuta. Mapu osefedwa bwino akhoza kusindikizidwa n'kukhomedwa pa chipatala, pa bwalo la mfumu ndi pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya dera (ADC) kapena ya mudzi (VDC), kuti eni dera awaone n'kukonza polakwika. Choncho makomiti a chitukuko a kwa Kachindamoto asamakhutire ndi nambala ya Dedza yense. Apemphe kuona mapu a dera lawo, afunse kuti manambala ake anatoledwa liti, ndipo aumirire kuti thandizo lipite kumene mapuwo ndi eni mudzi akugwirizana kuti kuli vuto.