Sine anandithandiza kugwira nsomba

Msuweni wanga atabwera kuchokera ku Johannesburg pa Khirisimasi, anandipatsa kathumba ka zinthu zowedzera: timbedza ting'onoting'ono, timitovu tooneka ngati dontho la madzi, ndi tinyambo tapulasitiki tofewa ngati phala lozizira. Tina tinkaoneka ngati nyongolotsi, tina ngati usipa. Anati kumeneko anthu ambiri amawedza nsomba za mtundu wa bass ndi njira yotchedwa drop-shot, ndipo anandisonyeza kamangidwe kake.

Ambiri tinazolowera kumanga mtovu pamwamba, mbedza pansi penipeni pa chingwe. Drop-shot imatembenuza zimenezo. Mtovu umakhala kumapeto kwa chingwe, mbedza n'kumangidwa pamwamba pake, pa chingwe chomwecho, nsonga yake italoza kumwamba. Nyambo mumangoibaya pamphuno. Mtovu ukafika pansi umakhala phee, nyambo n'kumalendewera m'madzi pamwamba pa matope, pomwe nsomba ingaione. Njirayi inatchuka ku Japan m'zaka za m'ma 1990, m'nyanja zomwe awedzi ndi ochuluka kwambiri moti nsomba zinachenjera, ndipo kenako inafalikira ku America, kwawo kwenikweni kwa bass.

Loweruka lotsatira ndinapita ku damu lina komwe kuli bass. Ndinasiya masentimita 30 pakati pa mbedza ndi mtovu, monga anandiuzira msuweni uja, n'kuponya kutali. Maola atatu, palibe ngakhale kugwedeza. Ndikakoka, nyambo inkabwera itakutidwa ndi ndere. Pambali panga mnyamata wina wa nsungwi ndi nyongolotsi zenizeni anali atagwira kale zinayi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Aphunzitsi, nsomba za kuno sizidya pulasitiki.” Ndinabwerera kunyumba ndi manyazi.

Usiku womwewo ndinatenga pepala n'kujambula, ndipo vuto linaonekera pompo. Msuweni wanga amawedza ali m'boti. Chingwe chake chimatsika molunjika pansi, choncho akasiya masentimita 30, nyambo imakhaladi masentimita 30 pamwamba pa matope. Ine ndinali kumtunda, chingwe changa chitapendekeka.

Jambulani nanu triangle imeneyi. Tinene kuti nsonga ya ndodo ili mamita 2 pamwamba pa madzi, ndipo pomwe pagwera mtovu madzi ndi akuya mamita 3. Kuchoka pansi pa damu kufika pa nsonga ya ndodo ndi mamita 5. Chingwe chomwe chatuluka ndi mamita 20, ndipo ndicho hypotenuse. Sine wa ngodya yomwe chingwe chikupanga ndi pansi ndi 5 kugawa ndi 20, zomwe ndi 0.25, kutanthauza madigiri pafupifupi 14. Tsopano kachidutswa kaja ka masentimita 30 kali pa chingwe chomwechi, pa ngodya yomweyi. Kutalika kwa nyambo kuchoka pansi ndi 30 kuchulukitsa ndi 0.25. Yankho ndi masentimita 7.5 basi! Ndere za m'damu muja zinali zazitali kuposa pamenepo. Komanso chingwe sichiwongoka bwinobwino ngati mzere wa rula, chimagwa pang'ono pakati, ndiye nyambo inali pansi kuposa apo. Maola atatu onse aja ndinkavinitsa nyambo yobisika mu ndere.

Inu a Fomu 3 amene mumandifunsa kuti sine mudzamugwiritsa ntchito kuti, ndi pamenepatu. Ndikafuna nyambo ikhale masentimita 20 pamwamba, ndigawe 20 ndi 0.25, ndipo ndipeza kuti ndisiye masentimita 80. Njira ina ndi kukweza ndodo, kapena kuima pamalo okwera, chifukwa zonsezi zimakulitsa ngodya. Onaninso kuti mukamakoka mtovu kubwera pafupi, hypotenuse imafupika, ngodya imakula, nyambo n'kumakwera yokha popanda kumasula mfundo.

Nanga n'chifukwa chiyani mtovu umakhala chete pomwe nyambo ikuvina? Apa ndi nkhani ya density ndi lamulo la Archimedes. Kyubiki sentimita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi, ya mtovu magalamu 11.3. Mtovu wa magalamu 10 umangokankha madzi osakwana kyubiki sentimita imodzi, choncho madziwo amaupepukitsa ndi kulemera kosakwana galamu imodzi, n'kutsala magalamu 9 oukanikizira pansi. Pulasitiki wofewa uja density yake ili pafupi ndi ya madzi. Madzi amamunyamula pafupifupi yense, moti kamphamvu kakang'ono kwambiri kamamusuntha. N'chifukwa chake simufunika kukoka mwamphamvu. Mumangonjenjemeretsa nsonga ya ndodo, kuleza chingwe pang'ono, kukunganso. Mukachita mopitirira, mtovu umanyamuka, ndipo zonse zaonongeka. Ine poyamba ndinkagwedeza ngati ndikupunga ntchentche.

Nsomba sidalira maso okha. M'mbali mwa thupi lake, kuchokera kumutu mpaka kumchira, muli mzere wotchedwa lateral line womwe umamva kugwedezeka kwa madzi. Mukadzagula chambo mudzayang'ane, mzerewo umaoneka. Kamchira ka nyambo kakamanjenjemera pamalo amodzi kamatumiza timafunde tofanana ndi ta kansomba kofooka, kosavuta kugwira.

Chingwe nachonso chili ndi sayansi yake. Mukukumbukira refractive index? Ya madzi ndi 1.33. Ya nayiloni ndi pafupifupi 1.53, pomwe ya chingwe cha fluorocarbon ndi pafupifupi 1.42. Manambala akayandikana, kuwala sikupindika kwambiri podutsa, ndipo chinthucho sichioneka msanga m'madzi. Ogulitsa ena amati fluorocarbon saoneka n'komwe, koma kumeneko ndi kukokomeza, pakuti 1.42 si 1.33. M'madzi amatope nayiloni wamba amagwira ntchito bwinobwino, musataye ndalama.

Chimodzi chimandidetsa nkhawa. Mtovu ndi poizoni, ndipo umakodwa m'miyala n'kutsalira m'madzi. Musamaulume ndi mano. Ena amagwiritsa ntchito tungsten, yemwe density yake ndi 19.3, koma ngwodula. Ine masiku ano ndimamanga nati yakale ya njinga. Chitsulo density yake ndi pafupifupi 7.8, ndiye natiyo imafunika ikhale yokulirapo, koma imakhala pansi ndithu. Nyambo yong'ambika ikani m'thumba, chifukwa pulasitiki saola. Ndipo musanaime m'mbali mwa madzi aliwonse, funsani eni dera ngati mulibe ng'ona.

Loweruka linalo ndinabwerera, nditasiya masentimita 80, n'kuima pachulu china chapafupi ndi madzi. Ndinaponya, ndinadikira mpaka chingwe chinalezeka kusonyeza kuti mtovu wafika pansi, ndinachikunga, n'kuyamba kunjenjemeretsa. Patapita mphindi ngati 20 ndinamva kulemera chabe, osati kukoka, ngati chingwe chakodwa mu udzu. Ndinakweza ndodo pang'onopang'ono ndipo udzuwo unayamba kuthawa. Inali bass yotalika ngati rula ya m'kalasi. Tsikulo ndinagwira ziwiri, mnyamata wa nsungwi uja zisanu. Pochoka anandipempha kanyambo kamodzi kooneka ngati usipa, ndipo ndinamufunsa kaye kuti nsungwi yake ndi yaitali mamita angati.