Kuyabwa ndi Kutupa Kumaliseche

Amayi, nkhani iyi ambiri timachita nayo manyazi. Koma vutoli limagwera amayi ambiri, ndipo limachizika. Mwina mukakhala malo amodzi ndi bambo akunyumba, m'mawa mwake mumamva kuyabwa kapena kuwotcha kumaliseche. Nthawi zina kumatupa. Kodi chimachititsa n'chiyani?

Choyamba ndi kuuma

Khungu la kumaliseche ndi lofewa ngati la m'kamwa. Pogonana, thupi la mayi limatulutsa madzi oterera oteteza khunguli. Madziwo akachepa, khungu limasupuka n'kutupa. Madzi amachepa mayi akamayamwitsa, akasiya kusamba chifukwa cha kukula, kapena bambo akafulumira mayi asanakonzeke. Amayi ena amaikako zitsamba kapena kansalu kuti kuume. Musatero. Timabala timene timabwera chifukwa cha kuumako ndi khomo la matenda, ngakhale kachilombo ka HIV.

Chachiwiri ndi zinthu zosayanjana ndi thupi

Sopo wonunkhira ndi mafuta odzola amatha kuwotcha khungu. Amayi ena sayanjana ndi mphira wa makondomu. Ngati ndi choncho, musangosiya kondomu. Kafotokozeni kuchipatala, chifukwa alipo makondomu a mtundu wina.

Chachitatu ndi matenda

Mukaona chikazi choyera, chamibulu ngati chambiko, ndiponso choyabwa kwambiri, nthawi zambiri amakhala matenda a mafangasi. Amagwira kawirikawiri amayi apakati, odwala shuga, ndi amene angomaliza kumwa mankhwala opha tizilombo. Matendawa satanthauza kuti wina wazembera mnzake, choncho musayambane nazo m'banja.

Koma chikazi chachikasu kapena chobiriwira, chonunkha, zilonda kapena mabomu, zikhoza kukhala matenda opatsirana pogonana, monga chinzonono ndi chindoko. Chinzonono chikakhalitsa chimatseka njira ya mazira, mayi n'kulephera kubereka. Chimathanso kuwononga maso a mwana pobadwa. Chindoko chimatha kupha mwana ali m'mimba.

Zoyenera kuchita kunyumba

Sambani kunja kokha ndi madzi oyera, osalowetsa sopo m'kati. Ikani kansalu koyera konyowa ndi madzi ozizira pamene patupapo. Musakande. Valani kabudula wamkati wa thonje, wochapa bwino ndi wouma padzuwa. Pumulani kaye kugonana kufikira mutapeza bwino. Ngati akuluakulu akuti ndi mauka, musalole kudula ndi lezala. Kudula sikuchiza kuyabwa, koma kumataya magazi ndi kulowetsa matenda ena.

Pitani kuchipatala msanga ngati:

1. Kuyabwa kapena kutupa sikunathe patapita masiku awiri kapena atatu.
2. Mwaona zilonda, chikazi chachilendo, kapena chotupa chowawa mbali imodzi.
3. Thupi likutentha kapena pachinena pakupweteka.
4. Muli ndi pakati.

Akakuuzani kuti ndi matenda opatsirana, bambo nawonso akalandire mankhwala, ngakhale sakumva kudwala. Mukachira nokha, iwo adzakupatsiraninso. Malizani mankhwala onse monga mwauzidwira. Anamwino amaona zotere tsiku ndi tsiku, musawaope.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani si bwino kuumitsa kumaliseche ndi zitsamba?
2. Tchulani zizindikiro zitatu zofunika kupita nazo kuchipatala.
3. N'chifukwa chiyani bambo ayenera kulandira mankhwala pamodzi ndi mayi?