Chilonda cha mlamba mu thanki chikamakula, yambani mwaona madzi

Chiperoni chikafika ku Limbe mu June ndi July, madzi a m'thanki yagalasi yosungiramo nsomba zokongoletsera nyumba kapena ofesi amazizira msanga. Nthawi ngati imeneyi kachilonda kofiira komwe kanali pambali pa nsomba kamatha kukula m'masiku ochepa, kukhala ndi m'mphepete moyera, mpaka mnofu kuonekera.

Nsomba za m'gulu la mlamba, monga nkholokolo ya m'nyanja ya Malawi, zimavutika kwambiri chifukwa zilibe mamba. Chimene chimaziteteza ndi kuterera kuja timamva tikazigwira. Kuterera kukachoka penapake, tizilombo tomwe timakhala kale m'madzi, monga Aeromonas, timalowa.

Nanga chimayambitsa bala n'chiyani? Kawirikawiri ndi anzake a mu thankimo. Mbuna ndi nsomba zokongola koma zandewu, ndipo zimaluma nsomba iliyonse yoyandikira mwala womwe zaulanda. Miyala yakuthwa nayo imang'amba khungu la nsomba zomwe zimakhalira pansi. Koma bala lokha likanapola. Chomwe chimalikulitsa ndi madzi oipa. Ndowe za nsomba ndi chakudya chotsalira zimatulutsa amoniya, yemwe amawotcha khungu ndi kufooketsa chitetezo cha m'thupi. Magetsi akazima maola angapo, sefa ndi pampu ya mpweya zimaima, ndipo madzi amatha kuwonongeka ngakhale akuoneka oyera mbee.

Choyamba, ipatuleni nsomba yodwalayo. Beseni laukhondo lomwe silinalowepo sopo likhoza kugwira ntchito, bola mukhale mpweya komanso kachidutswa ka paipi koti izibisalamo. Itungeni ndi kapu kapena kachidebe, osati kaneti, chifukwa minga yake imakodwa. Kenako chotsani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi a mu thanki yaikulu, n'kubwerezanso patapita masiku awiri kapena atatu. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, choncho thiranimo mankhwala ochotsa klorini musanawalowetse, ndipo asazizire kuposa omwe alimo kale. Nsomba za m'nyanja yathu zimakhala bwino pa madigiri 24 mpaka 27. Chakudya chepetsani.

Pa mankhwala ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Mankhwala a nsomba okhala ndi kopa kapena malachite green amatha kupha nsomba zopanda mamba pa mlingo womwe mbuna zimapirira, ndiye werengani pa botolo musanathire. Mchere pang'ono, wosapitirira galamu imodzi pa lita poyambira, umathandiza nsomba zina m'beseni lija, koma timilamba tating'ono ta ku South America totchedwa Corydoras sitigwirizana nawo. Zotsegula kapisozi wa amoxicillin wotsala m'kabati n'kuthira m'madzi, kwa ine n'kutaya nsomba ndi mankhwala omwe: amapha tizilombo tabwino ta mu sefa, ndipo madzi mukawataya mumathandiza tizilombo toipa kuzolowera mankhwala omwe anthufe timadalira kuchipatala.

Pali chilonda china chomwe madzi abwino sangachiritse. Mu July 2020, boma lidatsimikiza kuti matenda a Epizootic Ulcerative Syndrome, kapena kuti EUS, abuka ku Mchinji, ndipo milamba inali m'gulu la nsomba zomwe zidakhudzidwa. Amayamba ndi kachilombo konga nkhungu kotchedwa Aphanomyces invadans, komwe kamaboola mnofu ndipo kamakonda madzi ozizira. Mu Africa adayamba kuoneka mumtsinje wa Chobe ndi Zambezi cha m'ma 2006 ndi 2007. Alibe mankhwala. Ngati mudaika mu thanki nsomba yochokera kumtsinje kapena kudamu, ndipo nsomba zingapo zachita zilonda zakuya nthawi imodzi, dziwitsani a nthambi yoona za nsomba. Yakufa ikwirireni, ndipo madziwo musawathire mu ngalande yolowera mu Mudi.

Samalaninso manja anu. EUS sagwira anthu, koma m'madzi a mu thanki mumatha kukhala Mycobacterium marinum, wachibale wa kachilombo ka TB, yemwe amalowera pa bala la pakhungu. Pakatha milungu iwiri kapena inayi pamatuluka kachotupa pa chala kapena padzanja komwe sikapola, ndipo chithandizo chake chimatenga miyezi. Valani magolovesi, makamaka ngati muli ndi shuga kapena HIV, ndipo sambani ndi sopo mukamaliza. Munga wa mlamba ukakubayani n'kutupa, kapena kachotupa kakakana kupola, pitani kuchipatala ndipo muwauze adokotala kuti mumasunga nsomba, chifukwa mwina iwo sangakufunseni.