N'chifukwa chiyani masitiroberi ena a ku Zomba amakhala opindika?

Mukamakwera msewu wopita pamwamba pa phiri la Zomba, kulowera ku Ku Chawe, mumakumana ndi anyamata ogulitsa masitiroberi. Ine ndikamagula ndimayang'ana kaye pansi pa mbale, chifukwa opindika amabisala kumeneko. Ambiri amati chipatso chopindika n'chodwala. Nthawi zina n'zoona, kachilombo kamakhala kataluma, koma kawirikawiri vuto ndi mungu.

Tengani sitiroberi imodzi muione bwino. Timadontho tomwe tili pakhungu lake, pafupifupi 200, timatitcha njere. Kwenikweni kadontho kalikonse ndi kachipatso pakokha, ndipo njere ili m'kati mwake. Chofiira chimene timadyacho ndi tsinde la duwa lomwe latupa. Pakati pa duwa limodzi pali tiziwalo tachikazi tambirimbiri, ndipo kalikonse kamafunika kulandira mungu wakewake. Kakalandira, njere imayamba kukula n'kumatulutsa homoni yotchedwa auxin, yomwe imachititsa mnofu wapansi pake kutupa. Pomwe mungu sunafike palibe auxin, ndiye mbali imeneyo imangokhala yokwinyika.

Mu 1950 wasayansi wa ku France, Jean Paul Nitsch, anachotsa timadonthoti pa masitiroberi aang'ono n'kusiyapo towerengeka. Mnofu unatupa pansi pa totsalato basi. Atachotsa tonse n'kupakapo auxin, chipatso chinakulabe. Zoyesera ngati izi ndimazikonda, chifukwa sizilira makina odula.

Nanga mungu amaufalitsa ndani? Duwa la sitiroberi lili ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi zomwe, choncho mphepo ikaligwedeza mungu wina umagwera pomwepo. Koma sufika paliponse. Njuchi ikatera imazungulirazungulira pa duwalo pofuna timadzi totsekemera, ndipo potero imapaka mungu ponseponse. Paphiri kukachita chifunga n'kuzizira, njuchi sizituluka kwenikweni. Mlimi akapoperanso mankhwala ophera tizilombo maluwa ali otseguka, amapha antchito ake omwe. Zikatero mbale imadzaza ndi zopindika, ndipo ogula amanenerera mtengo.

Yesani nokha kunyumba. Dzalani mbande zitatu m'zitini kapena m'matumba, pamalo pofika dzuwa. Maluwa asanatseguke, phimbani mbande ziwiri ndi nsanza ya neti yakale ya udzudzu, yachitatu muisiyire njuchi. Pa imodzi mwa zophimbidwazo, sisitani pakati pa duwa ndi nthenga ya nkhuku m'mawa uliwonse mpaka duwa litayoyoka. Pakatha mwezi yerekezani zipatsozo, muwerenge timadontho tomwe tatalikirana ndi tomwe tathithikana.

Mukazisiya masiku angapo zipatsozo zimayamba kununkha ngati mowa. Imeneyo ndi yisiti ya pakhungu lake, ikusandutsa shuga kukhala mowa ndi mpweya wa carbon dioxide, monga zimachitikira ku Ulaya akamapanga vinyo wa zipatso za elderberry. Zanuzo musazidikire mpaka pamenepo, idyani mukangomaliza kuwerenga.